Nyale za mabuleki za Beetle ya 1972 zasiya kuyaka: ndiyambire pati?

Funso, kuchokera kwa wowerenga wa ku Zomba: Ndili ndi Volkswagen Beetle ya 1972 imene anandisiyira malemu bambo anga. Ndi ya 12 volts. Nyale zonse ziwiri za mabuleki zasiya kuyaka, koma za paki ndi maindiketa zili bwinobwino. Mababu ndasintha onse awiri, fyuzi nayo ikuoneka yamoyo. Zisanafe zinkayaka pokhapokha ndikaponda mwamphamvu. COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, yatsala pang'ono kutha. Ndiyambire pati?

Yankho: Bambo, ndalama zanu zikhale kaye m'thumba. Mwanena kuti nyalezo zinayamba zafuna phazi lolemera zisanazimiretu, ndipo mawu amenewo akuloza malo amodzi: swichi ya mabuleki, kapena mphamvu ya mafuta imene imaikankha. Komabe tisaiweruze tisanaifunse, chifukwa kuimasula kumatsegula njira ya mafuta a mabuleki, ndipo imeneyo si ntchito yochita mongoyerekeza.

Njira imene moto umadutsa ndi yaifupi. Umachoka pa batire pansi pa mpando wakumbuyo, nufika pa kiyi, kenako pa fyuzi, pa swichi, ndi kuyenda mu waya mmodzi mpaka kumbuyo. Kumeneko wayayo amagawikana, wina kumanzere wina kumanja. Ukadutsa mu babu, motowo umabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto, chimene amakaniko amati earth. Poti nyale zonse ziwiri zafera limodzi, vuto liyenera kukhala pamene njira ikadali imodzi, isanagawikane. Mababu awiri sapsa tsiku limodzi popanda chifukwa, ndiye amene munachotsawo musataye, mwina alibe mlandu.

Chida chachikulu pa ntchitoyi ndi tesita ya babu, ija ya waya wokhala ndi kopanira mbali imodzi ndi nsonga yakuthwa mbali inayo. Ikasowa, lumikizani mawaya awiri pa babu wa 21W, yakwana. Ndikuikonda kuposa mita yoyezera magetsi pa ntchito ngati iyi pa chifukwa chimodzi. Mita imakoka moto wochepa kwambiri, choncho imatha kuonetsa 12 volts ngakhale pa waya amene watsala ndi kaulusi kamodzi kokha. Babu wa 21W amafuna pafupifupi 1.75 amps, ndipo polumikizira pakakhala pa dzimbiri sayaka, kapena amangofiira ngati khala. Mufunikanso waya waufupi wa masentimita 15 wokhala ndi timapini tafulati mbali zonse ziwiri, sandipepa wosalala, ndi munthu wina woti aime kumbuyo n'kumakuuzani zimene akuona.

Kumbukirani kuti pa Beetle nyale za mabuleki siziyaka kiyi ali wotseka. Ambiri amataya theka la tsiku pa chimenechi. Koma kiyi akakhala wotsegula injini isakulira, koilo imatentha ndipo mapointi amatha kupsa. Choncho yesani kwa mphindi ziwiri kapena zitatu n'kutseka, kapena zulani waya wakuda wobweretsa moto pa nambala 15 ya koilo, mumukulunge tepi. Waya ameneyo alibe fyuzi, asakhudze chitsulo.

Fyuzi ija mukuti ikuoneka yamoyo, maso asakhale mboni. Mafyuzi a Beetle ndi aja ooneka ngati kambewu ka mpunga kakakulu, okhala ndi kachitsulo kopyapyala kunja, nsonga zake zitapanidwa pakati pa timasipuling'i tiwiri. Yoyera ndi ya 8 amps, yofiira ya 16. Kachitsuloko kamatha kukhala kathunthu koma nsonga zake zitachita zoyera kapena zobiriwira, moto osadutsa. Tsegulani kiyi, ikani kopanira ka tesita pa chitsulo choyera, mukhudze mbali zonse ziwiri za fyuzi. Kuwala mbali imodzi yokha ndiye kuti mwalipeza. Ipotokoleni pamalo pomwepo kangapo, palani nsonga ndi sandipepa, ndipo finyani pang'ono timasipuling'ito fyuzi ili kunja, kiyi ali wotseka, kuti tigwire zolimba. Malo a fyuzi imeneyi m'bokosi ankasintha malinga ndi chaka komanso dziko, ndiye musadalire kuwerenga kuti yachitatu kapena yachiwiri. Chokuthandizani n'chakuti pa ma Beetle ambiri a zaka zimenezo hutala imadyera pa fyuzi yomweyo. Ngati hutala ikulira mwamphamvu, kawirikawiri fyuzi ilibe vuto. Mukamagula zina, pewani zija za thupi la pulasitiki. Zikatentha zimafota, n'kuyamba kugwedera m'malo mwake.

Tsopano ku swichi. Galimoto za masiku ano zili ndi kabatani pamwamba pa chopondera. Beetle ilibe. Swichi yake ndi yomangirira pa master cylinder, pampu imene imatumiza mafuta a mabuleki kumatayala mukaponda, ndipo imakankhidwa ndi mafuta a mabuleki. Mukaponda, mafuta amapanikizika, amakankha kachikopa kopyapyala m'kati mwa swichi, ndipo kachikopako kamagunditsa tizitsulo tiwiri. Master cylinder ili pansi kutsogolo, kunsi kwa thanki ya petulo, mbali ya dalaivala. Ngati yanu ili ya chiwongolero chakumanja, monga zimene zinkapangidwa ku Uitenhage ku South Africa mpaka 1979, chotsani tayala lakutsogolo lakumanja ndipo muiona. Ikani miyala kapena zipika kumatayala akumbuyo, ndipo galimoto ikhale pa sitandi, osati pa jeke yekha, chifukwa mutu ndi mapewa anu zilowa pansi. Mukamva fungo la petulo pamenepo, siyani za magetsi, mukonze kaye podontha. Muyeso wotsatirawu umathetheka.

Werengani maswichi. Master cylinder ya njira imodzi ili ndi swichi imodzi, pomwe ya njira ziwiri, imene imalekanitsa mabuleki akutsogolo ndi akumbuyo, kawirikawiri ili ndi ziwiri. Vundukulani mphira wophimba, muzule mawaya. Tsegulani kiyi, mukhudze waya aliyense ndi tesita. Mmodzi ayenera kuyatsa. Winayo, amene pa Volkswagen amakhala wakuda wa mzere wofiira, ndi wopita kumbuyo ndipo sayatsa. Kenako tengani waya waufupi uja mulumikize awiriwo. Mwatero ndiye kuti mwaidumpha swichi, ngati kuti mwaponda buleki.

Muyeso umenewu umadula njira yonse pakati, ndipo mayankho ake ndi atatu okha. Mnzanu akafuula kuti zayaka, mawaya, mababu ndi earth zonse zili bwino, watsala ndi swichi kapena mafuta. Ngati palibe waya amene anayatsa tesita, vuto lili pakati pa fyuzi ndi swichi, mtunda wosakwana mita ndi theka, ndipo nthawi zambiri ndi pini yothothoka kuseri kwa bokosi la mafyuzi, kumene mumafikako potsegula boneti yakutsogolo, kapena waya wodyeka podutsa pa bowo la chitsulo. Moto ukakhalapo koma nyale osayaka mutalumikiza, ulendo ndi wa kumbuyo.

Ngati swichi yanu ili ya mapini atatu, musalumikize mwachisawawa. Mapini awiri oyang'anizana ndiwo a nyale za mabuleki. Yachitatu yapakati, yolembedwa 81a, ndi ya kanyale kochenjeza ka pa dashibodi, kamene kamayaka njira imodzi ya mabuleki ikataya mphamvu. Jambulani ndi foni musanazule chilichonse.

Malinga ndi zimene mwalemba, ndikuyembekeza kuti zikayaka. Chimene chimachitika m'kati mwa swichi n'chotere. Mababu awiri a 21W amakoka 3.5 amps, ndipo pa kanthawi koyamba, ulusi wa babu ukadali wozizira, amakoka kuposa pamenepo kangapo. Kuponda kulikonse ndi kathetheka kamodzi pa tizitsulo tija. Zaka zikamapita timachita mwaye ndi timaenje, ndipo timafuna kufinyidwa kwambiri kuti moto udutse. N'chifukwa chake zinayamba kufuna phazi lolemera. Pa galimoto ya maswichi awiri pali msampha wina: awiriwo amagwira ntchito imodzi, iliyonse payokha imatha kuyatsa nyale. Yoyamba ikafa simudziwa. Mumadziwa tsiku limene yachiwiri yafa. Ndiye yesani iliyonse payokha, inayo mutaizula mawaya, ndipo musadabwe kupeza kuti zonse ziwiri n'zakufa. Sinthani zonse.

Koma musanamasule, pondani buleki ndipo mumvetsere phazi lanu. Swichi yabwinobwino singayatse nyale ngati mafuta sakuikankha mokwanira. Chopondera chikamamveka chofewa ngati siponji, muli mpweya m'mapaipi. Chikamatsika kwambiri koma n'kukwera mukapopa kawiri, mashuzi atalikirana ndi madiramu ndipo akufunika kusendeza, kapena mulinso mpweya. Chikamamira pang'onopang'ono phazi lili pomwepo, mphira za m'kati mwa master cylinder zatha kapena pena pakudontha. Zikatero nkhani yakula kuposa nyale, ndipo galimotoyo isatsike nayo misewu ya ku Zomba mpaka itakonzedwa. Onaninso pakati pa mapini a swichi. Pakakhala ponyowa ndi mafuta, kachikopa kabooka, ndipo swichi yotero imatha kuphulika tsiku limene mwaponda mwadzidzidzi.

Kusintha kwake sikuvuta. Tsukani malowo kuti mchenga usalowe. Dzazani kabotolo ka mafuta a mabuleki mpaka pa mzere wapamwamba. Swichi yatsopano ikhale pafupi, mutadonthezera mafuta pang'ono m'kabowo kake kuti mpweya uchepe. Sipanala yake imakhala ya 24, zina za masiku ano 22, ndipo soketi yaitali imagwira bwino kuposa sipanala yotsegula kukamwa. Masulani yakale, ndipo nthawi yomweyo lowetsani yatsopano ndi zala, wina asaponde buleki. Mazinga ake ndi M10x1 ndipo amanka nanenepa, choncho amadzitsekera okha. Safuna tepi yoyera ya apulambala. Tepiyo imanyenyeka, ndipo kachidutswa kake kakalowa mu master cylinder kamatseka timabowo. Mangani mpaka pafupifupi 20 Nm, ndiko kuti zolimba ndi dzanja limodzi pa sipanala yaifupi. Mukapitirira mukhoza kung'amba thupi la master cylinder. Mukachita mofulumira mafuta otayika ndi madontho ochepa, komabe ine ndingakulangizeni kuchotsa mpweya pa matayala onse anayi mukamaliza, makamaka ngati mafutawo apitirira zaka ziwiri. Amayamwa chinyezi, ndipo chinyezicho n'chimene chimadya swichi ndi masilinda kuchokera m'kati. Thirani DOT 4 kapena DOT 3. DOT 5, wa silicone, wooneka wapepo, sasakanizika ndi amenewa, ndipo eni galimoto zakale ambiri amamudandaula kuti amafupikitsa moyo wa maswichi a mtundu uwu. Mafuta a DOT 4 kapena DOT 3 akadonthera pa penti tsukani ndi madzi msangamsanga, amasupula.

Pali chinthu chimene wogulitsa sadzakuuzani. Maswichi ambiri atsopano ndi osalimba poyerekeza ndi amene anabwera ndi galimoto, ndipo ena satha chaka. Mankhwala ake ndi relay, kaswichi kamene kakalandira moto wochepa kamatsegulira njira moto wambiri; ikhale wamba ya mapini anayi, ya 12 volts, 30 amps. Waya wochokera ku swichi, m'malo mopita ku nyale, apite pa pini 86. Pini 85 ipite ku earth. Pini 30 ilandire moto wodutsa pa fyuzi ya 8 kapena 10 amps, ndipo pini 87 itenge waya wakuda wa mzere wofiira uja wopita kumbuyo. Mukatero swichi imangonyamula moto wochepera 0.2 amps m'malo mwa 3.5, ndipo tizitsulo take sitipsanso. Relay ikhale m'boneti pouma, osati pansi pa madigadi. Ena amasiyiratu swichi ya mafuta n'kumangirira ya kabatani pa chopondera. Ubwino wake nyale zimayaka phazi likangokhudza, mabuleki asanayambe n'kugwira komwe, ndipo wa minibasi amene wakukakamirani kumbuyo amapeza kanthawi koti aone. Swichi yakaleyo imatsala pomwepo ngati chotsekera, bola isakhale yodontha.

Nanga zikapanda kuyaka mutalumikiza mawaya aja? Siyani cholumikiziracho pomwepo kuti musavutitse woponda, mupite kumbuyo. Tsegulani chipinda cha injini, mufufuze pamene waya wakuda wa mzere wofiira akugawikana. Polumikizira pamenepo pamakhala pa kutentha, fumbi ndi oilo zaka makumi asanu. Tesita ikayaka pamenepo, pitirirani ku nyale. Ikapanda kuyaka, waya waduka m'njira, ndipo kusaka podukapo m'kati mwa mtolo wa mawaya n'kutaya nthawi. Kokani waya watsopano wa 1.5 mm² kuchokera kutsogolo, mumudutsitse pansi pa kapeti, ndipo paliponse pamene akuboola chitsulo muikepo kamphira.

Pa nyale penipeni, masulani galasi, chotsani babu, muyang'ane pansi pa soketi. Muona tizitsulo tiwiri, kena ka paki kena ka buleki. Timafooka n'kugona pansi, osafikanso pa babu. Tikwezeni pang'ono ndi kasikuludalaiva moto uli wozima, mutipale mpaka tiwale. Onaninso mababu amene munagula. Woyenera pa nyale ya 1972 ndi wa maulusi awiri, 21/5W, wa timadontho tiwiri kunsi, ndipo timapini take ta m'mbali n'tosiyana msinkhu kuti alowe njira imodzi yokha. Pa bokosi pamalembedwa P21/5W, 380 kapena 1157. Akalowetsedwa mokakamiza chotembenuza, paki imawala kwambiri ndipo buleki imangoti phethephethe, yosaoneka masana. Wina akaikamo babu wa kadontho kamodzi, kadonthoko kamagunda tizitsulo tonse tiwiri, ndipo mukaponda buleki mumaona nyale za pa dashibodi ndi za paki zakutsogolo zikuyaka. Samalaninso ndi mababu a 24 volts a malole, amene amafanana ndendende ndi a 12 koma amawala mofooka.

Earth ndiye mfiti ya galimoto zakale, ndipo Beetle ili ndi chifukwa chake chapadera. Madigadi ake ndi omangirira ndi mabawuti, ndipo pakati pa madigadi ndi thupi pali kamzere ka pulasitiki kapena mphira. Nyale nayo imakhala pa mphira. Motero moto wobwerera umadalira tinati tiwiri ta kunsi kwa madigadi, pamene tayala limaponyera matope dzinja lonse, kenako mabawuti a dzimbiri. Galimoto ikapentedwa kumene zimaipiraipira, chifukwa penti imalowa paliponse. Mwina muganiza kuti poti paki ikuyaka ndiye kuti earth ili bwino. Ayi. Ulusi wa 5W umafuna moto wochepera theka la amp, ndipo umatha kudutsa pa dzimbiri pamene wa 21W sungadutse. Chizindikiro chake n'chodziwika: yatsani paki, pondani buleki, ndipo nyale ya mbali yodwalayo m'malo mowala kwambiri imazima kapena kuchita mdima. Nthawi zina mukayatsa indiketa, nyale zonse za mbaliyo zimaphethira mosinthana. Chimene chikuchitika n'chakuti moto wasowa njira yake yobwerera, ndiye ukubwerera chammbuyo kudzera mu ulusi wina.

Kutsimikiza kwake, tengani waya wautali, mbali imodzi pa negative ya batire, inayo mukhudzitse pa chitsulo cha soketi. Nyale ikawala nthawi yomweyo, mlandu watha. Ngati muli ndi mita, yezani pakati pa malo awiri omwewo nyale ili yoyaka. Kuchepera 0.2 volts n'kwabwino, kupitirira 0.5 pakufunika ntchito. Kukonza kokhalitsa si kupala tinati kokha. Kokani waya wa earth kuchokera pa soketi ya nyale iliyonse mpaka pa thupi la galimoto m'chipinda cha injini, palani penti mpaka chitsulo chiwale, mangani ndi washa wa mano, ndipo pakani girisi pamwamba kuti madzi asafikepo. Mukadali pomwepo, kwezani mpando wakumbuyo muone lamba wa earth wa batire pamene wamangidwa pansi, komanso lamba wina wa pakati pa giyabokosi ndi chasisi.

Fyuzi ikamapsa nthawi iliyonse mukaponda, pali shoti pambuyo pa swichi. Musaikemo yofiira ya 16 pamalo pa yoyera, ndipo za kukulunga pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu n'zimene zimayatsa galimoto. Zulani waya wa nyale yakumanzere pogawikana paja, muyese. Kenako wakumanja. Mbali imene ikazulidwa fyuzi imapulumuka ndiyo ili ndi shoti, ndipo kawirikawiri ndi pamene waya akulowa m'madigadi, mphira wake utatha. Pofuna kusamala mafyuzi, lumikizani babu wa 21W pamalo pa fyuzi. Shoti ikadalipo amawala kwambiri, ikachoka amachita mdima.

Mawu amodzi kwa inu ndi kwa amakaniko amene mungawaitane, makamaka ozolowera Land Rover zakale, Morris Minor ndi galimoto zina za ku Britain. Mitundu ya mawaya si imodzi. Pa galimoto za ku Britain za mawaya a Lucas, waya wakuda ndi earth, wobiriwira ndi moto wa kiyi wodutsa pa fyuzi, ndipo wa nyale za mabuleki ndi wobiriwira wa mzere wapepo. Pa Volkswagen earth ndi waya wabulauni, ndipo wakuda ndi wamoto. Munthu akamangirira waya wakuda wa Beetle pa chitsulo poganiza kuti ndi earth, utsi umatuluka kuseri kwa dashibodi. Ndipo pa galimoto ya zaka zoposa 50 manja ambiri adutsamo, ndiye mtundu wa waya ukhale chongokulozerani, chotsimikiza ndi tesita.

Mukamanga zonse, yezani kusewera kwa chopondera. Mukachikankha ndi dzanja chiyende mamilimita 5 mpaka 7 chisanayambe kulimba. Kusewerako kukasowa, pisitoni sibwerera mokwanira, mafuta amakhala opanikizika, mabuleki amagwira okha akatentha, ndipo nyale zimakhala zoyaka phazi mutachotsa. Kenako pondani mwamphamvu kwa theka la mphindi, musuzumire pa swichi zatsopano ngati sipakutuluka dontho. Madzulo bwererani chafutambuyo kufupi ndi khoma loyera, muyang'ane pa galasi. Kankhani chopondera ndi zala ziwiri zokha. Khoma liyenera kufiira mbali zonse ziwiri mofanana chikangoyamba kulimba. Bwerezani paki ili yoyaka, kenako indiketa ikuphethira kumanzere, kenako kumanja, chifukwa woyeza galimoto pa COF akhoza kukuyatsitsani zonsezi pamodzi.